Pakhomo pakongole ndi masamba

Okutobala akafika, maluwa ambiri ku Balaka ndi ku Liwonde amafota, ndipo madzi a pamjigo sangakwanire kumwa ndi kuthirira komwe. N'chifukwa chake ine ndimati pakhomo tizikongoletsa ndi masamba osiyanasiyana maonekedwe.

Pafupi ndi alovera, wa masamba onenepa aminga, dzalani udzu wa vetiva, woonda ndi woongoka. Kumbuyo kwake kukhale chammwamba: timasamba take tating'onoting'ono timagwedezeka ndi kamphepo, komanso ndi ndiwo. Nthochi, ya masamba aakulu otambalala, idzalidwe kumene kumathera madzi a kubafa. Nkhadze musaiike posewerera ana, utomoni wake umapweteka maso.

Mukatero, ngakhale mvula ichedwe mpaka Disembala, alendo adzakupezani pakhomo pobiriwira.