ZA PA KHONDE: MPANDO WOCHIPA NDI MTENGO WACE WENIWENI



Mwezi uno ndifuna ticeze za katundu wa m'nyumba, ndiye mipando, magome, makama ndi makabati. Wandiyambitsa nkhaniyi ndi mphwanga amene anamanga banja posacedwa. Iye pofuna kukondweretsa mkazi wace anapita ku tauni, nakagula kabati yonyezimira ngati galasi, pa ndarama zocepa kuposa zimene mmisiri wa m'mudzi mwathu anamuuza. Tonse tinapita kukaiona, ndipo tinaiyamika. Koma litafika dzinja, denga linadontha usiku umodzi wokha. M'mawa mwace tsinde la kabati linali litatupa ngati mkate wonyowa, zitseko zinakana kutsekeka, ndipo pokhomapo msomali thabwa linangonyenyeka. Mmisiri ataiona anapukusa mutu, nati, "Acimwene, pano palibe thabwa loti ndigwirepo. Uwu ndi utuci." Akuru akale ananenetsa kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mmisiri uja sananame. Katundu wambiri wochipa wa masiku ano sapangidwa ndi matabwa oceka ai. Amatenga tizidutswa ta mitengo ndi utuci, nasakaniza ndi ulimbo wa mankhwala, napanikiza ndi makina kufikira zitauma. Pamwamba amamatapo cipepala cojambulidwa maonekedwe a thabwa. Cinthu cotere cikamwa madzi sicibwereranso mwakale, ndipo cikathyoka kucikonza nkobvuta.

Nanga malonda otere anakula bwanji? Citsanzo codziwika koposa ciri ku Ulaya, ngakhale kabati ya mphwanga sinacokere kumeneko. M'caka ca 1943, ku dziko la Sweden, mnyamata wa zaka 17 dzina lace Ingvar Kamprad anayamba kampani yochedwa IKEA. Mu 1948 anayamba kugulitsa katundu wa m'nyumba, ndipo ca m'ma 1956 anatenga nzeru yogulitsa gome miyendo yace iri yocotsa, kuti lilowe m'bokosi lafulati, wogula akalumikize yekha kwao. Potero mabokosi ambiri analowa m'galimoto imodzi, ndipo mtengo unatsika. Tisakane, abale, m'menemo munali ubwino: mabanja osauka amene kale sakanatha kugula gome anayamba kudyera pa gome. Makampani ambiri a m'maiko ena anatsata njira yomweyo.

Koma cinthu cikachipa kwambiri, mtima wa munthu umaleka kucisamala. Taonani za ku America. Bungwe la boma loyang'anira cilengedwe kumeneko linawerenga kuti mu 1960 anthu anataya katundu wa m'nyumba wolemera matani oposa pang'ono 2 miliyoni. Pofika 2018 anataya matani oposa 12 miliyoni m'caka cimodzi, ndipo magawo 8 mwa magawo 10 anangokwiriridwa ku dzala. Tsono gome liri lonse lotayidwa lifuna lina lolowa m'malo mwace, ndipo latsopanolo lifuna mitengo, ulimbo, ndi mafuta a sitima ndi magalimoto olinyamula. M'cinenero cathu mau akuti "mtengo" ali pawiri: pali mtengo wolipira m'sitolo, palinso mtengo wa m'nkhalango. Woyamba ukatsika kopitirira, kawirikawiri wolipira ndi waciwiriwo. Khalidwe lomweli la kugula lero ndi kutaya mawa ndilo limene malemu Papa Francis anadzudzula m'kalata yao yochedwa Laudato si' ya mu 2015.

Palinso cina cimene titaya, cosayezeka pa sikelo. Kale ukalowa m'nyumba ya munthu, katundu wace anali kukuuza za mwini wace. Kampando aka anasema ndi agogo. Gome ili analipanga kalipentala wa kutsidya pa ukwati wa mai. Kama uyu anamtalikitsa cifukwa bambo anali wamtali. Lero pitani pa maliro kapena pa ukwati: mipando ya pulasitiki yokhayokha, yofanana ngati mazira, mwini wace kuti aizindikire ayenera kulemba dzina kumbuyo ndi utoto. Dzuwa likaiomba zaka zingapo imauma, mwendo nkuthyoka, ndipo zidutswa zace siziola m'nthaka. Otsatsa malonda amatiuza kuti tikagula zatsopano tidzaoneka osiyana ndi anzathu, koma potsiriza nyumba zonse zifanana, ndipo palibe mwana amene adzati, "Uwu ndi mpando wa atate wanga."

Komabe tisaloze cala kutali kokha. Matabwa olimba amene tikuwatamawa nawonso acokera m'nkhalango, ndipo nkhalango zathu tazizunza tokha. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa pfuko la Malawi mu 1984, unadulidwa kosalekeza cifukwa thabwa lace ndi lonunkhira ndi losadyedwa ciswe. Ofufuza atayendera phirilo mu 2017 anapeza mitengo yaikuru 7 yokha. Mlombwa ndi mbawa, zimene amisiri athu azikonda, zikusowa m'madera ambiri, pakuti zimakula pang'onopang'ono, ndipo odula acuruka kuposa obzala. Cotero mlandu suli pa utuci wokha, uli pa mtima wosakhuta.

Nanga ticite ciani? Ndiri ndi mau anai.

Coyamba, musanagule funsani kuti, kodi ici cikathyoka cingakonzeke? Yang'anani kumbuyo ndi kunsi kumene kulibe utoto. Mukaona timibulu ngati gaga woumbika, dziwani kuti ndi utuci.

Caciwiri, ngati mungathe, pirirani miyezi ingapo, musunge ndarama, mupite kwa mmisiri wa kwanu. Ndarama yanu idzatsala m'mudzi, ndipo mwendo ukagwedera mudziwa khomo lokagogoda. Thabwa la paini kapena la bulugama wobzala likwanira nchito zambiri. Si gome liri lonse lifuna mlombwa.

Cacitatu, amene muli nayo kale kabati ya utuci musacite manyazi, pakuti munthu agula monga mwa thumba lace. Ikhazikeni pa njerwa, kutali ndi cinyezi, ndipo idzakutumikirani. Ikatha, musaisonkhezere pa moto wophikira, cifukwa utsi wa ulimbo ndi utoto wace suli wabwino m'cipfuwa.

Cacinai, pa mpando uli wonse wolowa m'nyumba mwanu, bzalani mitengo dzinja lomwelo, ndipo muisamale kufikira itapitirira msinkhu wa mbuzi.

Mphwanga uja tsopano wapereka cikole kwa mmisiri, ndipo kuseri kwa nyumba yace kuli timitengo ta mbawa tisanu totchingidwa ndi minga. Iye mwini sadzakhalira mpando wa mitengo imeneyo, koma adzukuru ace adzaukhalira.

Tsalani bwino, abale. Tidzacezanso mwezi wa mawa.