Zaka 50, anthu asanu ndi botolo limodzi

Loweruka lapitali ndinakwanitsa zaka 50. Sindinachite lendi holo, sindinaitane wa zoimbira. Ndinatulutsa tebulo pakhonde kwathu kuno ku Chirimba n'kuitana anthu asanu basi. Ena adandaula kale kuti ndinawamana. Ndawamva, koma mtima wanga uli m'malo.

Asanuwo ndi anthu amene anachezera nane pamoto usiku wonse pa maliro a bambo anga. Ndi omwewo ankapereka phala kuchipatala cha Gulupu mwana wanga atagonekedwa, ine ndalama zitandithera. Munthu ukafika zaka zimenezi umadziwa oyenera kudya nawo mbale imodzi.

M'mamawa ndinalawirira kumsika wa Chirimba kukasankha ndekha nkhuku yachikuda, kuigwira pachidali kuti ndione ngati ili ndi mnofu. Pofika masana mpunga wa Kilombero unali utanunkhira mpaka kwa aneba, chambo chili pambaula, nkhwani wotendera ali pambali.

Koma nkhani yanga ili pa vinyo. Ambirife timayesa vinyo wabwino ndi wa mphesa yekha, uja wa ku Stellenbosch timamuona m'mashelefu ku Chichiri, amene mtengo wake unathawa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mnzanga wa ku Machinjiri anabwera ndi wina, wa Linga, wopangidwa ku Lilongwe kuchokera ku jambula. Inde, jambula yemwe uja tinkakwerera m'mitengo tili ana, n'kubwerera kunyumba lilime litada, malaya atathimbirira. Amapanganso wa magwafa ndi wa chidede. Nditalawa ndinakhala kaye chete, chifukwa m'kamwa munabwera ubwana wanga wonse.

Botolo limodzilo linatikwanira mpaka dzuwa kulowa. Vinyo safuna kugugudiza. Umamwa pang'ono, n'kuika tambula pansi, n'kumvera mnzako akulankhula. Zimandipweteka ndikaona anyamata athu m'mbali mwa msewu wopita ku Kameza atagwa kale 10 koloko m'mawa. Boma linaletsa masacheti mu 2015, koma ludzu lofuna kuiwala mavuto silinathe, linangosamukira m'timabotolo. Pakhonde panga sitinkafuna kuiwala kanthu. Ndipo mlongo wathu wa Mvano, amene salawa chilichonse choledzeretsa, anamwa thobwa lake popanda womukakamiza.

Mayi anga anakhala pamkeka, kukana mpando monga mwa nthawi zonse. Iwo tsiku lawo lobadwa salidziwa. Amangoti anabadwa chaka cha njala, 1949, ndipo tsiku lili pa chiphaso chawo cha unzika, chomwe analembetsa mu 2017, linali longoganizira. Keke sanadulepo ya iwo eni chibadwire.

Mnzanga wina anagwada pafupi nawo. "Amayi, tatiuzeni, achimwenewa anabwera bwanji padziko?"

Anapukuta m'manja ndi chitenje. Anati mvula inagwa usiku wonse, mtsinje unadzaza, ndipo apongozi awo ndi azamba a m'mudzi ndi amene anawathandiza, koloboyi akuzimazima ndi mphepo. Anati ndinachedwa kulira, moti amayi ena anali atayamba kale kuyang'ana pansi. Zaka zonsezi nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo.

Ndinawadulira keke yoyamba iwowo. Analandira ndi manja awiri, n'kufunsa ngati thobwa latsalako.