Mlandu Wosalembedwa: Kalata ya Abusa kwa Anthu a ku Chifunda pa Nkhani ya Chitetezo

Kwa akhristu onse a m'dziko la a Mfumu Chifunda, kwa manduna ndi anyakwawa, kwa apolisi ndi akuluakulu a boma ku Chama, kwa oyang'anira nyama zakutchire, ndi kwa onse akufuna kwabwino: mtendere wa Ambuye ukhale nanu.



Mlendo akatsika kuno kuchigwa nafunsa ngati kuli umbanda, ambirife timayankha kuti kulibe. Sitinama kwenikweni. Kuno njinga imagona pansi pa mtengo wa msikizi mpaka mwini wake atabwera, ndipo nyumba zambiri chitseko chake n'chongotsekera ndi mpiringidzo. Za mbava za mfuti zolanda magalimoto timangomva pa wailesi kuti zachitika ku Lusaka kapena ku Kitwe. Pa ichi tikuyamika Mulungu, tikuyamikanso makolo amene anatilera ndi mwambo.

Koma ife abusa anu timakhala pa maliro, timayendera odwala, ndipo mapemphero akatha pamakhala mayi wotsalira pakhomo la tchalitchi, kudikira kuti anthu onse ayambe achoka. Zimene timamva pamenepo sizipezeka m'buku la apolisi. N'chifukwa chake talemba kalatayi.

Mlandu umalowa m'buku la boma pokhapokha munthu atayenda kukaunena. Tsono talingalirani za mayi amene wamenyedwa usiku mwezi wa Febuluwale, mitsinje yonse yolowa mu Luangwa itadzaza, makande atagwira matayala moti ngakhale njinga yamoto ikuchita kunyamulidwa. Kuti mlandu wake uyende ayenera kukatenga chikalata kupolisi, kupita nacho kuchipatala kuti akamupime, kubwereranso nacho, kenaka n'kudzaonekera ku khoti ku boma tsiku limene auzidwe, iye pamodzi ndi mboni zake. Ndalama ya ulendo ndi yomwe ija akanagulira mchere ndi sopo mpaka kukolola. Mpunga m'munda ukufuna kupalira, ana alibe wowasiyira. Amangomanga chitenje pa bala n'kukhala chete. Chaka chikatha, wowerengera milandu ku Chipata amaona kuti ku Chifunda sikunachokere dandaulo, n'kunena kuti kumeneko kuli bata.

Boma la Chama linachotsedwa m'chigawo cha Kummawa mu 2011 n'kuikidwa ku Muchinga, ndipo mu 2021 linabwezedwanso. Likulu lathu linali Chipata, linakhala Chinsali, lero ndi Chipata kachiwiri. M'zaka zonsezi mtunda wochoka pakhomo pa mayi uja kukafika pa tebulo la wapolisi sunafupike ndi phazi limodzi lomwe.

Pali mtundu umodzi wokha wa mlandu umene kuno umawerengedwa bwino ndi kutsatidwa mwachangu: mlandu wa nyama. Sitikunena izi monyoza. Akuluakulu amene ali pakati pathu akukumbukira mmene chigwachi chinalili. M'zaka za m'ma 1970 munali njovu zoposa 80,000, ndipo pasanathe zaka 20 zochuluka zinali zitaphedwa chifukwa cha minyanga. Chipembere chakuda chinatheratu, kufikira kuti mu 1998 zinalengezedwa kuti m'Zambia monse mulibenso. Olemera nazo sanali anthu a kuno. A kuno ankangonyamula katundu ndi kulondolera njira, malipiro ake thumba la mchere kapena chovala. Ntchito yoteteza nkhalango ya North Luangwa, imene boma lakhala likugwira pamodzi ndi bungwe la Frankfurt Zoological Society kuyambira 1986, yabweza zambiri. Pakati pa 2003 ndi 2010 zipembere 25 zinabweretsedwa tsidya lilo kuchokera ku South Africa, ndipo zaswana. Njovu nazo zachuluka. Chilengedwe n'cha Mulungu, ndipo ife sitidzadalitsa msampha wa waya, umene susankha, umagwira mbawala, fisi, mkango, ngakhale galu wa mwini msamphayo.

Komabe tiloleni tinene zimene akhristu athu amanena akakhala pabwalo. Mfuti ikalira kutchire, m'mawa mwake maskauti oteteza nyama afika kale. Njovu ikalowa m'munda usiku umodzi n'kumaliza mpunga wa chaka chonse, kapena ikagumula nkhokwe banja lili m'tulo, mwini munda amapereka lipoti n'kudikira, ndipo nthawi zambiri chimene amalandira ndi mawu opepesa basi. Ng'ona ikagwira mwana pa dooko, maliro timaika ndife. Munthu wopezeka ndi mwendo wa njati amafika ku khoti msanga kuposa munthu amene wathyola mkono wa mkazi wake. Anthu amaona zimenezi, ndipo amafunsa funso limene ife abusa timavutika kuliyankha: kodi pamaso pa lamulo wamkulu ndani, munthu kapena nyama? Abale athu a ku Lumezi, oyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, akhala akufunsa zomwezo chiyambire 2022 pamene njovu 263 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde m'dziko la Malawi.

Lamulo la nyama zakutchire la 2015 limavomereza kuti ife okhala m'madera ngati Musalangu, kumene anthu ndi nyama amamwa madzi amodzi, tikhale ndi komiti yathu ya CRB ndiponso tizilandira gawo la ndalama zimene alenje achilendo amalipira. Ndalamazo zimathandiza kulipira maskauti a m'midzi ndi kumanga zitukuko. Zikachedwa kubwera, skauti amakhala miyezi osalandira kanthu, koma akumutuma kukagwira msuweni wake. Tisaiwale kuti maskautiwa ndi ana athu. Tinawabatiza ndife, ndipo Lamulungu amakhala benchi limodzi ndi mayi wa mnyamata amene anamumanga. Kuwatukwana kapena kuwaopseza n'kulakwa. Nawonso tikuwapempha kuti pogwira munthu asamumenye, asamuvule ulemu pamaso pa ana ake, chifukwa yunifomu idzatha koma mudzi ndi womwewu.

Kwa a nthambi yoona za nyama zakutchire ndi onse ogwira nawo ntchito, pempho lathu ndi ili: liwiro limene mumathamangira mukamva za minyanga likhale lomwelo mukamva kuti njovu zili m'minda. Mpunga ukayamba kucha, olondera okhala ndi zida zothamangitsira njovu ndi tsabola azigona kufupi ndi minda, osati kuchita kuitanidwa zinthu zitaonongeka kale. Ndipo ndalama za CRB zikabwera ziziwerengedwa pa msonkhano, anthu onse akumva, kuti zalowa zingati, zagula chiyani. Kwa aphungu athu tikuti: nkhani ya chipepeso kwa olumidwa, ofedwa ndi odyeredwa minda ikambidwe ku Nyumba ya Malamulo mpaka ipeze mutu.

Tili ndi mawu kwa inunso amene mumazemba usiku ndi waya kapena mfuti ya gogodela. Tikudziwa kuti njala ya 2024, imene boma linailengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, inabweza ena kutchire amene anali atasiya kale. Koma taonani amene amadya phindu. Nyama yowamba imakwera mtunda kupita ku matauni, wogula uja n'kugona pa matilesi, inu mukugona m'ndende, ana anu atasiya sukulu. Kuyambira 2003 bungwe la COMACO lakhala likulandira mfuti ndi misampha kwa alenje a m'chigwa chino, n'kuwaphunzitsa ulimi ndi kuweta njuchi, n'kumawagula mpunga, nsawawa ndi uchi. Alipo pakati pathu amene anadutsa njira imeneyo. Afunseni. Ndipo mkhristu amene amagula nyamayo mobisa, n'kudzaimba kwaya m'mawa mwake, asamadzione ngati woyera kuposa wotchera msampha.

Tsopano tilowe m'nyumba, chifukwa milandu yochuluka yosalembedwa ili m'menemo, ndipo apa ife a mpingo tili ndi mbali yathu yoti tilape. Kangati mayi wabwera kwa ife ndi diso lotupa, ife n'kumuuza kuti banja ndi kupirira, n'kumupempherera, n'kumubweza komweko? Kangati mwana wamkazi wagwiriridwa ndi wachibale, ankhoswe ndi akuluampingo n'kukhala pansi kuseri kwa nyumba, nkhani n'kuthera pa mbuzi ziwiri? Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wolakwayo akakhala amalume, kapena mphunzitsi, kapena mkulu wa mpingo amene amapereka chakhumi chambiri, tonse timaopa kuswa mkhate. Mwanayo ndiye amasenza manyaziwo moyo wake wonse.

Tikunena poyera kuti kuyambira lero mpingo suweruzanso mlandu wogwirira mwana. Si wa ankhoswe, si wa bwalo la anyakwawa, si wa msonkhano wa akuluampingo. Malamulo a dziko amati wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 akapezeka wolakwa akhale m'ndende zaka zosachepera 15. Lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi lilipo kuyambira 2011, ndipo apolisi ali ndi nthambi ya Victim Support Unit yoona milandu yotere. Kumene netiweki ikugwira, nambala ya 116 ndi yothandiza ana, ya 933 ndi ya ochitidwa nkhanza, ndipo zonse n'zaulere. Mu Disembala 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa: ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo, ndi wopanda mphamvu. Kale makolo ankati tamukwatitsa chifukwa tasowa fizi. Kuyambira 2022 fizi kulibe mpaka kusekondale. Chotsala ndi umbombo wa chimalo, ndipo palibe mbusa mwa ife amene adzadalitse ukwati woterowo.

Kukhululuka tidzalalikirabe, pakuti ndiwo mtima wa Uthenga Wabwino. Koma kukhululukira munthu sikutanthauza kumubisa. Ndipo mwamuna amene wagulitsa thonje kapena mpunga wolima ndi mkazi wake, ndalama n'kukathera ku kachasu, pobwera n'kuyankha funso la mkaziyo ndi chibakera, adziwe kuti miyezi yokolola ndi imene ife abusa timaona misozi yochuluka kuposa ya nthawi ya njala.

Nkhani ina imatilemera kwambiri. Munthu akamwalira mwadzidzidzi, kapena ng'ona ikagwira munthu, pamakhala ena ofulumira kunena kuti ng'onayo inali yotumidwa. Chala sichiloza munthu wamphamvu. Chimaloza gogo wamasiye, wosowa ana omuikira kumbuyo, amene nzeru zayamba kumuthawa chifukwa cha ukalamba, ndipo kawirikawiri gogoyo amakhala ndi dimba labwino m'mbali mwa mtsinje limene wina akulisirira. Werengani nkhani ya munda wa Naboti m'buku loyamba la Mafumu, mutu 21, muone mmene mboni zabodza zimagwirira ntchito pamene pali munda. Chilamulo cha Mose chomwe sichinkalola kuti munthu atsutsidwe ndi pakamwa pa mboni imodzi. Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, limene lakhalapo chiyambire 1914, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndipo ngati boma lenilenilo linathetsa chilango cha imfa mu Disembala 2022, gulu la anyamata okhala ndi zibonga lapeza kuti mphamvu zopha? Timamvetsa kuti polisi ikakhala kutali mtima umafuna kubwezera pompo, makamaka mbala ikagwidwa ndi mbuzi kapena chimanga chachiwisi. Koma magazi a munthu wophedwa pabwalo sasankha amene anaponya mwala woyamba, amagwera onse amene anaimirira n'kumaonerera. Aneneri oyendayenda amene amalowa m'midzi kudzaloza mfiti n'kulandira nkhuku ndi ndalama asapatsidwe malo m'matchalitchi athu.

Za akuba a pa foni tingochenjeza mwachidule. Wina akakutumizirani uthenga kuti ndalama mutumize pa nambala iyi, kapena kuti mwapambana mphoto, kapena akati ndi wa boma ndipo akufuna nambala yanu yachinsinsi ya Airtel Money kapena MTN, ameneyo ndi mbala. Achinyamata, thandizani agogo anu amene amalandira ndalama za Social Cash Transfer, ndipo inuyo musakhale oyamba kuwadyera. Chimodzimodzi mavenda a sikelo zokhotetsa: gulitsani pagulu, muyambe mwayeza nokha.

Kwa makhansala ndi makomiti a chitukuko m'mawodi tikukumbutsa kuti thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Pokonza zofunika za dera lathu la Chama South, chitetezo cha munthu wa kuchigwa chikhale m'gulu la zoyamba: nyumba zoti apolisi azikhalamo pakati pathu, wapolisi wamkazi amene mtsikana angamuuze zakukhosi, milatho pa mitsinje imene imatitsekera miyezi inayi, ndi zitsime zoti amayi asamakatunge kumene kuli ng'ona. Tikupemphanso a khoti kuti nyengo ya chilimwe azibwera kudzazengera milandu kufupi ndi kuno, kuti mboni isamagulitse nkhuku zake zonse pofuna kukanena zoona ku boma.

Ifenso tadzimanga pa zinthu izi. Mpingo uliwonse usankhe anthu atatu okhulupirika, awiri mwa iwo amayi, amene wovutika angapiteko usiku kapena usana. Pa chopereka cha mwezi tizipatula kangachepe kolipirira njinga yamoto ya munthu wopita kupolisi kapena kuchipatala, ndipo mmodzi wa atatuwo azimuperekeza. Mbusa aliyense akhale ndi kope lolembamo, popanda kutchula maina, minda yodyedwa, anthu ovulazidwa ndi nyama, nkhanza za m'banja ndi ana ochotsedwa pasukulu. Mvula ikatha ndipo misewu ikauma, tidzasonkhanitsa makopewo, tidzayamba takawaonetsa a Mfumu ndi manduna awo, kenaka tidzapita nawo tokha kwa a DC ndi mkulu wa apolisi ku Chama.

Kalatayi iwerengedwe m'mipingo yonse pa Sabata kapena Lamulungu likudzali, ndipo amasulire m'Chisenga kumene kukufunika kutero. Maina a anthu atatu aja aperekedwe kwa abusa mwezi uno usanathe.

Chisomo cha Ambuye wathu Yesu Khristu chikhale ndi inu nonse.

Ndife atumiki anu,
Abusa, ansembe ndi akuluampingo a mipingo ya m'dziko la a Mfumu Chifunda