Nzeru za ophunzira: zina zifika m'cipatala, zina zithera pa cionetsero

LUSAKA - Caka ciriconse ana a sukulu ndiponso ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite a m'dziko lino amaonetsa zipangizo zimene apanga okha pofuna kucepetsa mabvuto a anthu. Pa mipikisano ya bungwe la JETS, limene lakhala likulimbikitsa sayansi m'masukulu kuyambira mu 1968, ndi pa zionetsero zina, anthu amaona mbaula zosadya makala ambiri, zosefera madzi, ndodo zothandiza anthu osaona ndi zina zotero. Akulu-akulu amaomba m'manja, opambana amalandira mphoto, ndipo atolankhani amajambula zithunzi.

Koma funso limene silifunsidwa kawiri-kawiri ndi lakuti: pakapita caka cimodzi kapena ziwiri, cipangizo cija cimakhala kuti? Mbiri ya zipangizo zinai zimene ophunzira a ku America ndi ku Britain anapanga isonyeza kuti nzeru yabwino ndi mphoto ndi ciyambi cabe. Cimene cimasiyanitsa cipangizo cofika kwa anthu ndi cothera m'kabati ndi nchito ya zaka zambiri imene imatsatira pambuyo pa cionetsero. Zitatu mwa zipangizozi zikhudza moyo wa makanda obadwa masiku asanakwane.

Bvuto la makanda

Kulingana ndi bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, mu 2020 makanda pafupi-fupi 13.4 miliyoni anabadwa masiku asanakwane, kutanthauza khanda limodzi pa makanda khumi alionse. Makanda otere amakumana ndi adani awiri akulu, kuzizidwa ndi kulephera kupuma. Thupi lao liribe mafuta okwanira kusunga kutentha, ndipo mapapo ao amakhala asanakhwime, motero timatumba ta mpweya ta m'mapapomo timafota khanda likangotulutsa mpweya.

Muno m'Zambia, kafuku-fuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti makanda 27 pa makanda 1,000 alionse obadwa amoyo anali kumwalira asanakwanitse mwezi umodzi. Kafuku-fuku wa mu 2024 anaonetsa kuti ciwerengeroci catsika kufika pa 17. Ngakhale ziri tero, makina opulumutsira makanda amene amagwiritsidwa nchito m'maiko olemera ndi odula kwambiri, amafuna magetsi osazima-zima, ndipo akaonongeka zitsulo zace zimacokera kutali.

Pumani: kucokera m'kalasi kufika m'wodi

Citsanzo capafupi ciri kwa anansi athu ku Malawi. Mu 2006 aphunzitsi awiri a pa Rice University mu mzinda wa Houston ku America, a Rebecca Richards-Kortum ndi a Maria Oden, anakaceza pa cipatala cacikulu ca Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko anaona makanda ambiri obvutika kupuma pamene makina othandizira kupuma panalibe. Atabwerera kwao anapereka bvutolo kwa ophunzira ao, ndipo mu 2010 kagulu ka ophunzira a caka comaliza kanapanga citsanzo coyamba.

Cinali cinthu cosaoneka bwino: bokosi la pulasitiki losungiramo nsapato, ndipo m'kati mwace munali timapampu tiwiri timene timapopera mpweya m'madzi a nsomba zoweta m'nyumba. Timapamputo timakankha mpweya, mpweyawo umasakanizidwa ndi okosijeni, kenaka umadutsa m'kapaipi n'kulowa m'mphuno mwa khanda. Mphamvu ya mpweyawo imalamulidwa ndi madzi a m'botolo, ndipo thobvu limene limatumphuka m'botolomo limadziwitsa namwino kuti makina akugwira nchito. Mpweya wokankhidwa pang'ono-pang'ono cotere umacititsa kuti timatumba ta m'mapapo tisafote. Makina ocita zimenezi m'zipatala za ku America anali kugulidwa pa madola pafupi-fupi 6,000, pamene a ophunzirawa anafuna madola mazana ocepa cabe.

Nkhani ikanathera pomwepo ikanafanana ndi zina zambiri. Koma makinawo anatengedwa kupita m'wodi ya makanda ku Blantyre, kumene madokotala, kuphatikizapo a Elizabeth Molyneux ndi a Kondwani Kawaza, pamodzi ndi anamwino anawayesa ndi kunena zofunika kusintha. Anapatsidwanso dzina la m'cinenero ca eni ace, Pumani. Mu 2012 panacitika kafuku-fuku wa makanda 87 obvutika kwambiri kupuma, ndipo zotsatira zace zinafalitsidwa mu 2014. Mwa makanda amene anaikidwa pa makinawa, 71 peresenti anapulumuka, pamene mwa amene analandira okosijeni yekha anapulumuka 44 peresenti.

Pambuyo pace kampani ya 3rd Stone Design ya ku California inakonzanso maonekedwe ace kuti azipangidwa ambiri m'fakitale, ndipo unduna wa zaumoyo wa dziko la Malawi unabvomera kuti afalitsidwe m'zipatala za boma za m'maboma. Apa panatulukanso phunziro lina. Kafuku-fuku wotsatira anaonetsa kuti phindu m'zipatala za m'maboma linali locepa poyerekeza ndi la ku Blantyre, ndipo makanda amene anali ozizidwa sanapindule kweni-kweni. Khanda lifunika kutentha, okosijeni, magetsi ndi namwino wophunzitsidwa woliyang'anira usiku wonse. Kuzindikira zimenezi n'kumene kunabala mgwirizano wa NEST360, umene unayamba nchito mu 2019 m'maiko a Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria. Mgwirizanowu umapereka zipangizo zingapo pamodzi, n'kuphunzitsanso anamwino ndi amisiri ozikonza.

Embrace: kufunsa mai asanapange

Citsanzo caciwiri cinayambira pa Stanford University ku California mu 2007. Ophunzira angapo, kuphatikizapo a Jane Chen, a Linus Liang ndi a Rahul Panicker, anapatsidwa nchito yopanga makina ofunditsira makanda ochipa kwambiri kuposa a m'zipatala zazikulu, amene mtengo wace unali kufika madola 20,000. Mmodzi wa iwo, a Liang, anapita ku Nepal kukaona mmene zinthu ziliri. Anapeza kuti m'cipatala ca mumzinda munali makina ofunditsira makanda amene anali opanda kanthu, cifukwa makanda ofunika thandizolo anali kubadwira kumidzi, ndipo ambiri sanali kufika n'komwe kucipatala.

Ulendo umenewo unasintha funso lonse. Kaguluko kanasiya maganizo opanga makina a m'cipatala, n'kupanga kathumba kofunda kogonekamo khanda. Kumsana kwa kathumbako kumalowetsedwa kaphukusi ka mankhwala onga phula, kamene kakatenthetsedwa kamasunga kutentha kwa madigiri 37 kwa maola angapo popanda kulumikizidwa ku magetsi.

Atamaliza maphunziro, opangawo anasamukira ku Bangalore m'dziko la India kuti akakhale pafupi ndi amai ogwiritsa nchito kathumbako. Kumeneko anamva zimene sakanazimva ali m'kalasi. Amai ena anawauza kuti mankhwala a cizungu ndi amphamvu kwambiri, motero dokotala akanena supuni imodzi iwo amapatsa mwana theka. Anati angacite cimodzi-modzi ndi kutentha, osafikitsa pa 37. Opangawo anacotsa manambala pa kacipangizo koonetsa kutentha, n'kuikapo cizindikiro congosonyeza kuti kwakwana. Kathumbako kanayamba kugulitsidwa mu 2011, patapita zaka zinai, ndipo pa mtengo wokwera kuposa umene analingalira ali pa sukulu.

Ku Britain nako, a James Roberts, wophunzira wa pa Loughborough University, anapambana mphoto ya James Dyson Award mu 2014 kaamba ka makina ofunditsira makanda opopedwa mpweya, ochedwa MOM. Anawaganizira ataonera pa wailesi ya kanema mabvuto a makanda obadwira m'misasa ya othawa nkhondo ya ku Syria. Koma khanda loyamba linagonekedwa m'makinawo m'cipatala mu 2021, patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Zaka zonsezo zinathera pa kufuna ndalama, kuyesa, kukonzanso ndi kupeza cilolezo ca oyang'anira zipangizo za m'cipatala. Mu 2022 makinawo anatumizidwa ku zipatala za ku Ukraine nkhondo itabuka.

Mpira umene unachuka n'kuonongeka

Citsanzo cacinai ndi cenjezo. Mu 2008 ophunzira a pa Harvard University anapanga mpira wamiyendo wochedwa Soccket, umene unali kusunga mphamvu ya magetsi pamene ana akuusewera. Opanga ace anati kusewera kwa mphindi 30 kungayatse kanyali kwa maola atatu, kuti mwana wa kumudzi awerenge usiku. Nzeruyi inakondweretsa anthu ochuka ndi mabungwe opereka thandizo. Mu July 2013 mtsogoleri wa dziko la America pa nthawiyo, a Barack Obama, anausewera pamaso pa atolankhani pa ulendo wao wa ku Tanzania.

Koma cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2014 mtolankhani amene anapita ku dera la Puebla ku Mexico, kumene mipirayi inagawidwa kwa ana, anapeza kuti yambiri inaleka kugwira nchito patangopita miyezi yocepa. Otsutsa anafunsanso cifukwa cace banja losauka liyenera kudalira mpira kuti lione kuwala, pamene nyali zazing'ono zoyendera dzuwa zinalipo kale pa mtengo wotsika. Mpirawo unakopa opereka ndalama kuposa mmene unathandizira oulandira, ndipo popeza unali mphatso, panalibe wogula woti abweze katundu ndi kudandaula.

Zimene Zambia ingatolepo

Dziko lino si lacilendo pa nchito yotere. Pa University of Zambia pali nthambi ya TDAU imene yakhala ikupanga ndi kuyesa makina osabvuta a kumidzi kwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 2000 wophunzira wa pa MIT ku America, a Jessica Vechakul, anagwira nchito ndi amisiri a Disacare mu Lusaka, opanga njinga za anthu olemala, pokonza ngolo yokokedwa ndi njinga yonyamulira odwala kumidzi. Mu 2013 mzinda wa Lusaka unalandira msonkhano wa International Development Design Summit, umene umasonkhanitsa ophunzira, amisiri ndi alimi kuti apange zipangizo pamodzi. Palinso bungwe la boma la National Technology Business Centre, limene nchito yace ndi kuthandiza kuti nzeru zatsopano zifike pa msika.

Zitsanzo zachulidwazi zisonyeza malo anai amene nzeru ya wophunzira imafera. Oyamba ndi pa ciyambi peni-peni, ngati wophunzira asankha bvuto ali pa desiki, osakhala tsiku lathunthu ndi namwino, mlimi kapena munthu wolemala amene afuna kumuthandiza. Aciwiri ndi tsiku lomaliza maphunziro. Nchito ya caka comaliza imatha m'miyezi yowerengeka, wophunzira amalandira digiri n'kupita kukafuna nchito, ndipo cipangizo cimatsala copanda mwini. Makina a Pumani anapitirira cifukwa aphunzitsi ndi madokotala anakhalabe nao ophunzira oyamba atacoka.

Malo acitatu ndi pa kuyesa ndi cilolezo. Cipangizo cokhudza thupi la munthu siciyenera kulowa m'wodi cifukwa cakuti oweruza mpikisano anacikonda. Ciyenera kuyesedwa mwa dongosolo ndi kubvomerezedwa ndi mabungwe monga ZAMRA ndi Zambia Bureau of Standards, ndipo nzeruyo ifunika kutetezedwa poilembetsa ku PACRA. Zonsezi zimadya ndalama ndi nthawi zimene wophunzira payekha alibe. Malo acinai ndi pa kugula ndi kukonza. Ngati unduna, khonsolo kapena kampani sizikonzekera kugula, ndipo ngati m'boma mulibe mmisiri ndi zitsulo zosinthira, cipangizo cimafa tsiku limene caonongeka koyamba.

Pali mwai umodzi umene ophunzira a kuno ali nao kuposa anzao a ku Houston kapena ku Stanford. Iwo safunika tikiti ya ndeke kuti akaone bvuto. Wophunzira amene anawerengera mayeso mu mdima mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi pa damu la Kariba ndipo magetsi anali kuzima kwa maola ambiri pa tsiku, safunika kuuzidwa kuti cipangizo codalira magetsi a ZESCO okha sicingadaliridwe. Amadziwanso cinenero ca ambuya amene amasamala khanda mai ace akadwala. Ku Malawi mfundo imeneyi inazindikirika, ndipo mu 2016 pa sukulu la Polytechnic ku Blantyre, limene tsopano lichedwa MUBAS, panatsegulidwa cipinda cokhala ndi zida zoti ophunzira a komweko azipangiramo ndi kuyesa zipangizo zao.

Motero nkhani imene iri pamaso pa unduna wa zaluso ndi sayansi, mayunivesite ndi makampani amene amalipirira mipikisano ndi ya kagawidwe ka ndalama. Mphoto ya tsiku limodzi ndi yochipa ndipo imaoneka bwino pa zithunzi. Kulipira wophunzira waluso kwa zaka ziwiri kuti apitirize nchito yace, kumupatsa wodi kapena mudzi woyeserako, ndi kulonjeza kugula zipangizo zoyamba zikapambana mayeso, n'kodula ndipo zotsatira zace zimacedwa. Koma ndiyo njira imene bokosi la nsapato lija linadzera kuti lifike pa bedi la khanda lobvutika kupuma.