Liwu la nkhope ziwiri m'minda ya tiyi

Pali liwu lina la Chingerezi limene tatopa nalo, ndipo liwulo ndi fairly. Timalimva pamisonkhano yokamba za anthu othyola tiyi ku Thyolo, ndipo kawirikawiri limatuluka m'kamwa mwa munthu amene sanaberekepo dengu chibadwire.

Gwero lake ndi fæger, liwu la Chingerezi chakale lotanthauza chinthu chokongola. Pakupita kwa nthawi linayamba kunena za kuchita zinthu mosakondera. Kenaka, cha m'zaka za m'ma 1800, linapatsidwa ntchito ina, yofooketsa liwu linzake. Motero Mngerezi akati fairly paid, akunena kuti wantchito walipidwa mwachilungamo. Akati fairly well paid, akungonena kuti malipirowo sali oipitsitsa. Kaliwu kamodzi kalowa pakati, chilungamo chasanduka "bola".

Ifenso tili nako kachepetsedwe kotere. Wodwala akati "ndili bwinoko", aliyense amamva kuti munthuyo sanachire, ndipo palibe amene amamuuza kuti anyamule khasu. Ka "ko" kathu sikabisa chimene chikusowa. Koma fairly amavomereza kuperewera kwinaku atavala mkanjo wa chilungamo, kotero kuti womvera amachoka ali wokhutira pamene wonenayo sanalonjeze kanthu.

Tisanamizane, zina zasintha. Mu 2013 lipoti la Oxfam ndi Ethical Tea Partnership linaonetsa poyera kuchepa kwa malipiro a m'minda ya tiyi m'Malawi. Mu 2015 kunakhazikitsidwa ndondomeko ya Malawi Tea 2020, imene cholinga chake chinali chakuti pofika 2020 wantchito azilandira ndalama zokwanira kusamalira banja. Mu 2016 bungwe la Tea Association of Malawi linasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la antchito la PAWU. Malipiro anakwera ndithu. Koma 2020 inafika nkudutsa mpata usanatsekeke, ndipo kwacha yapitiriza kugwa. Apa ndi pamene fairly amathandizira wolankhula: ntchito yatheka theka, liwu lomveka ngati yatha.

Dera limene makolo ake anagwira thangata kuti aloledwe kukhala panthaka yobadwira lili ndi chifukwa chokayikira mawu osalala. Thangata nalonso poyamba linali liwu labwino, lonena za kuthandizana.

Tsono amene akubwera kudzatiuza kuti zinthu zili fairly good m'mindamu, asiye liwulo pachipata. Atiuze ndalama imene mayi amalandira pa kilogalamu ya masamba atayima pasikelo ya kapitawo. Atiuze mtengo umene tiyi yemweyo wagulidwa pamsika wa ku Limbe. Akatero tipite naye ku Bvumbwe kapena ku Luchenza m'mwezi wa Januwale, tikafunse limodzi mtengo wa thumba la chimanga la makilogalamu 50, tiwerenge masiku amene mayiyo ayenera kuthyola tiyi mvula ikumuvumba kuti alinyamule.