Za Umoyo wa pa Khomo: Nshawa Zotsala pa Licero

Nyengo yokolola ikatha m'Cigawo ca Kum'mawa, makomo ambiri a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amatanganidwa ndi nchito yoswa ndi kusankha nshawa. Zikuluzikulu, zokhwima bwino ndi zosalala khungu zimalowa m'matumba a ku msika, pakuti wogula ali ndi diso lakuthwa ndipo sacedwa kutsitsa mtengo akaona kacilema. Zonyala, zosweka, zofumbwa ndi zothimbirira zimatsala pa licero. Zimenezi sizitayidwa ai. Zimasinjidwa mu mtondo, nizisanduka nsinjiro zotendera nkhwani ndi zothira m'phala. Motero banja limene linalima ndi thukuta lace limapereka zabwino kwa alendo, lokha nkudya zoipa. Ndipo mwa onse amene amadya pa mbale imeneyo, amene ali pa ngozi yaikulu ndiye uja amene sanaonekebe ndi maso, mwana amene ali m'mimba mwa mai wace.

Coipa ca nshawa zotere ndi cuku, nkhungu ija yobiriwira kapena yacikasu imene imamera pa nshawa ndi cimanga zikakhala pa cinyontho. Mtundu wina wa cuku, umene akatswiri amaucha Aspergillus flavus, umakhala m'nthaka ya m'munda momwemo. Umalowa m'makoko a nshawa pamene mbeu yafooka ndi cilala itatsala pang'ono kukhwima, pamene ciswe caboola makoko, kapena pamene khasu lawapweteka pokumba. Pa cimanga umalowera m'mabala a mbozi ndi anankafumbwe. Ukalowa ndi kupeza cinyezi ndi kutentha, umapanga poizoni wochedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu saoneka ndi maso, ndipo sathawa moto wa pa mafuwa. Nsima ipse cotani, nshawa zikazingidwe cotani, iye amakhalamobe. Munthu amalabvula nshawa yowawa imene waitafuna, koma zikasinjidwa pamodzi mazanamazana, lilime silithanso kusiyanitsa.

Dziko linamudziwa poizoni ameneyu m'caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya cosakaniza ndi nshawa zocokera ku Brazil. M'caka ca 2004 anakantha anthu kum'mawa kwa dziko la Kenya, makamaka m'maboma a Makueni ndi Kitui. Kumeneko mvula inagwa pa nthawi yokolola, cimanga cinasungidwa cisanaume, ndipo mwa anthu 317 amene anadwala, 125 anamwalira ciwindi citaonongeka. M'Zambia muno, m'mwezi wa August 2024, caka cimene cilala cinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko lonse, Unduna wa za Umoyo unacenjeza anthu agalu ngati 400 atafa, ndipo poizoni yemweyu anapezeka woculuka m'ufa wa zigayo zina.

Imfa zotere zimamveka kutali cifukwa zimadza mwadzidzidzi. Koma cimene cimacitika m'midzi yambiri ndi cina, cacete. Poizoni amalowa pang'onopang'ono, lero pang'ono, mawa pang'ono, popanda wina kugwa kapena kusanza. Pa munthu wamkulu, zaka zikapita, angathe kubweretsa khansa ya ciwindi, makamaka ngati munthuyo ali kale ndi kacirombo ka matenda a ciwindi ochedwa hepatitis B. Pa mwana wa m'mimba nkhani yace siicedwa cotero.

Ambiri amaganiza kuti mimba ndi nyumba yotsekeka, ndi kuti nsapo imaceza zoipa zonse zisanafike kwa mwana. Nsapo imacezadi zina, koma si khoma ai. Kacasu amadutsa, zoipa za mu utsi wa fodya zimadutsa, ndipo aflatoxin nayenso amadutsa. Akatswiri anapima magazi a m'cingwe ca mcombo ca ana ongobadwa kumene, ana amene sanalawepo kanthu kalikonse ka pa dziko, napeza zizindikiro za poizoniyu m'menemo. Ku The Gambia, m'kafukufuku amene anafalitsidwa m'caka ca 2007, anapima magazi a amai apakati, kenaka natsatira ana ao kwa caka cathunthu. Ana a amai amene anali ndi poizoni wambiri m'magazi ananenepa mocedwa ndi kutalika mocedwa poyerekeza ndi anzao. Ku Benin ndi Togo, kafukufuku wa m'caka ca 2002 anaonetsa kuti ana opinimbira ndiwo anali ndi poizoni wambiri m'magazi, ndiponso kuti poizoniyo amakwera kwambiri mwana akaleka kuyamwa nayamba kudalira phala. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene anamwino amaumirira kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba. Ngakhale poizoniyu amafika pang'ono mu mkaka wa m'mawere, bere ndi loteteza kuposa phala la ufa wokaikitsa.

Kupinimbira si nkhani yacilendo m'dziko muno. Kalembera wa za umoyo wa m'caka ca 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 anali aafupi mosayenera msinkhu wao. Zaka zocepa m'mbuyomo anali 40. Pa mudzi mwana wotere sadabwitsa munthu. Ena amangoti watengera agogo ace, ndipo popeza anzace ambiri ali cimodzimodzi, kufupikako kumaoneka ngati cibadwa. Koma msinkhu ndi cizindikiro cabe ca zimene zacitika mkati. Mwana wopinimbira amagwidwa msanga ndi matenda, kawirikawiri amabvutika ku sukulu, ndipo mwana wamkazi wotere akadzakula angathe kudzabvutika pobereka ndi kubala mwana wocepa thupi. Nthawi imene zimenezi zimaumbika ndi yocepa: masiku ngati 270 a m'mimba, kuonjezapo zaka 2 zoyamba, onse pamodzi masiku 1,000. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo bungwe la Boma loona za zakudya, la National Food and Nutrition Commission, linaika mtima pa masiku omwewa.

Kunena zoona, cuku si ndico cokha cimene cimapinimbiritsa ana. Njala, kutsegula m'mimba, madzi oipa, malungo a mai wapakati ndi kubereka pafupipafupi, zonsezi ziri ndi mbali yace yaikulu. Ku Kenya anayesapo kupatsa mabanja cimanga copanda poizoni m'malo mwa cao. Poizoni m'magazi a ana anatsika, koma pomaliza msinkhu wao sunasiyane kwenikweni ndi wa ana ena. Conco amene angalonjeze kuti kusankha nshawa kokha kudzatalikitsa mwana akunama. Koma pakati pa adani onse a mwana wa m'mimba, uyu ndi mmodzi wa awo amene banja lingathe kumucepetsa ndi manja ace, popanda kulipira ngwee.

Kungakhale kulakwa kwakukulu ngati mai wapakati atamva zimenezi aleka kudya nshawa. Nshawa yabwino ndi cakudya comanga thupi ndi copatsa mphamvu cimene banja losauka lingacipeze popanda kupita ku sitolo. Mai wapakati afunika nshawa, nyemba, khobwe, kapenta, masamba obiriwira monga bonongwe ndi kholowa, ndi mazira omwe. Mwambo uja woletsa mazira poopa kuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi wamana ana ambiri cakudya cabwino, ndipo tsitsi la mwana silinacokerepo ku nkhuku. Afunikanso mcere wokhala ndi ayodini, umene umathandiza ubongo wa mwana kukula, ndi mapiritsi oonjezera magazi amene amaperekedwa ku sikelo. Mwa mapiritsiwo muli folic acid, amene nchito yace yaikulu iri m'masiku 28 oyambirira, pamene msana ndi ubongo wa mwana zikutsekeka, nthawi imene mai ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Kubisa mimba mpaka itaonekera, monga ambiri amacitira, kumataya miyezi yofunika koposa.

Nkhondo yolimbana ndi cuku imayambira ku munda. Kubzala ndi mvula yoyamba kumathandiza kuti nshawa zikhwime nthaka isanaume. Kukumba pa nthawi yace, mosamala khasu, kumasunga makoko athunthu. Pali cizolowezi coyanika nshawa ndi cimanga pa dothi, pamene cuku cimakhala, nkuzisiya usiku kuti mame azinyowetse. Mphasa, mkeka kapena thandala ndi zabwino koposa, ndipo mitambo ikacita mdima zokolola zilowe m'nyumba. Nshawa youma bwino imalira m'khoko mwace ikagwedezedwa. Cimanga couma cimathetheka pa mano. Ofuna kutsimikiza amathira cimanga pang'ono m'botolo louma pamodzi ndi mcere wouma, natseka ndi kugwedeza. Mcere ukamatirira m'mbali mwa botolo, ndiye kuti cimanga cikali ndi madzi.

Cizolowezi coipa kuposa zonse ndico cowaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe asanayambe kuswa. Nzoona kuti zala zimapweteka, ndipo amene anaswapo thumba lathunthu sangaseke mai amene amatero. Enanso amawaza kuti nshawa zilemere pa sikelo ya wogula. Koma madzi amenewo amadzutsa cuku cimene dzuwa linagoneka, ndipo nshawa zonyowazo zikatsekeredwa m'thumba masiku owerengeka okha, nchito yonse yoyanika yapita pacabe. Nshawa zimasungika bwino ziri m'makoko mwace, nkumaswa zokhazo zofunika pa nthawiyo.

Posunga, matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma, koma akhale pa mitengo kuti mphepo izipita kunsi. Matumba a ciguduli amapuma. A pulasitiki wamba amasunga thukuta. Matumba atsopano aja osalowa mpweya ndi abwino pa cimanga, koma pokhapokha citauma ndithu. Kuti njira zosabvuta zimenezi zimagwiradi nchito kunaoneka ku Guinea, m'kafukufuku amene anafalitsidwa m'caka ca 2005. Midzi ina inaphunzitsidwa kusankha nshawa ndi manja, kuyanika pa mphasa, kuyesa ngati zauma, kusunga m'matumba a ciguduli pa mitengo ndi kuteteza ku tizirombo. Patapita miyezi 5, poizoni m'magazi a anthu a m'midzi imeneyo anali wosakwana theka la uja wa m'midzi imene inasunga mwa masiku onse. Kulinso mankhwala owaza m'munda ochedwa Aflasafe, amene bungwe la IITA linakonza pamodzi ndi akatswiri a za ulimi a m'dziko muno. Mwa iwo muli cuku ca mtundu womwewo koma cosapanga poizoni, cimene cimalanda malo a cinzace coipa. Alangizi a za ulimi ndiwo oyenera kufunsidwa za mankhwalawa.

Pa cimanga, amai akale anali ndi nzeru imene mwina sanaidziwe dzina. Kupeta, kusankha maso owola, kukonola, kubviika mphale ndi kutaya madzi ace, zonsezi zimacotsa mbali yaikulu ya poizoni, pakuti wambiri amakhala m'khungu ndi m'maso oonongeka. Apa pali pobvuta pang'ono. Mgaiwa uli ndi zakudya zambiri kuposa ufa woyera, ndipo a za umoyo amaulimbikitsa; koma mgaiwa umatenga zonse za pa cimanga, zabwino ndi zoipa zomwe. Conco cimanga copita ku cigayo kukagayidwa mgaiwa wa mai wapakati kapena phala la mwana ciyenera kusankhidwa diso ndi diso, ndi kutsukidwa kuti zoyandama zitayidwe, kenaka kuumitsidwa bwino. Cimanga cokaikitsa ndi bwino kucikonola. Gaga wa cimanga cotere si wopatsa ng'ombe kapena mbuzi yokamidwa, cifukwa poizoni amatulukira mu mkaka. Zowola si zophikira thobwa kapena mowa, ndipo nkhuku nazo zimafooka nazo ndi kuleka kuikira. Malo ace ndi dzenje kapena moto.

Apa mpamene nkhani imafika pa ndalama, ndipo mpamene amuna amalowamo. Pa makomo ambiri mai ndiye amapalira, amakumba ndi kuswa nshawa, koma thumba likadzaza, mau omaliza amakhala a bambo. Kutaya zotsala pa licero kumaoneka ngati kuononga, makamaka caka ca njala, ndipo apongozi akaona mpongozi wao akukwirira nshawa sangalephere kumunena kuti ngwa manja otayirira. Mai wapakati yekha sangathe kulimbana ndi mwamuna wace ndi akuluakulu a pa mudzi. Cofunika ndi kusintha dongosolo la kasankhidwe: gawo la pa khomo lipatulidwe coyamba, kucokera pa nshawa zabwino zenizeni, malonda adze pambuyo. Meda zingapo zimene bambo angacotse pa thumba la ku msika zingacepetse ndalama za tsiku limenelo, koma wogula wa ku tauni ali nako kosankha kwina, pamene mwana wa m'mimba amadya cokhaco cimene mai wace wameza.

Poizoni ameneyu amaculuka pamene zokolola zikhalitsa m'nkhokwe, ndipo miyezi yoopsa ndi ya dzinja, kuyambira December mpaka March, pamene mpweya uli ndi cinyezi, cakudya cacepa, ndipo anthu amakokota za pansi pa nkhokwe zimene sakanazidya m'mwezi wa June. Mai amene adzakhala ndi pakati m'miyezi imeneyo adzadya zimene zinasungidwa m'cilimwe. Nkhokwe ifoleredwe mvula isanayambe, matumba atsitsidwe ndi kuyanikidwanso m'dzuwa la October, ndipo gawo la mai ndi la phala la mwana likhale m'thumba lacelace, pamwamba, pouma.