Wa zitenje ku Liwonde akukhoma msonkho, nanga a Facebook akukhomera kuti?

Mlamu wanga amagulitsa zitenje ndi nsapato pamsika wa ku Liwonde. M'mawa uliwonse, asanagulitse ngakhale chitenje chimodzi, wodula matikiti amakhala wafika kale. Akagula mayunitsi a foni, msonkho uli momwemo. Sopo, shuga, mafuta ophikira, chimodzimodzi. Sadandaula kwenikweni, amangoti ndi mmene dziko likhalira.

Tsiku lina nditamuyendera anandionetsa lisiti pafoni yake. Anali atabwereka khadi la kubanki kwa mnzake n'kulipira a Facebook kuti chithunzi cha zitenje zake chionedwe ndi anthu a ku Balaka, ku Ntaja mpaka ku Zomba. Anati: "Alamu, tawerengani apa, inu munapita kusukulu. Ndalama yangayi yapita kuti?"

Palisitipo panalembedwa kuti Meta Platforms Ireland Limited, Dublin. Wotsatsa malonda ndi wa ku Machinga, oona chithunzi ndi a ku Machinga ndi Balaka, mayunitsi oonera chithunzicho agulidwa pa okala ya pa Mangochi Turn Off, koma malonda alembedwa kuti achitikira ku Ireland, ndipo msonkho wa phindu lake ukakambidwa komweko.

Abale anzanga, nkhaniyi imaoneka ngati ya azungu okhaokha, koma njira yake ndi yosavuta kuimva. Tiyerekeze kuti bambo wina ali ndi chigayo pa Ulongwe. Pofuna kuthawa msonkho, iye atsegula kakampani kena kudera komwe kulibe msonkho n'kunena kuti dzina la chigayocho ndi la kakampaniko. Mwezi ukatha, chigayo chilipira kakampaniko ndalama zambirimbiri zobwerekera dzina, zina za "malangizo", zinanso chiongoladzanja cha ngongole yomwe bamboyo wadzikongoza yekha. Wa msonkho akabwera apeza m'buku mulibe phindu. Ndalama yangochoka m'thumba lakumanja kupita lakumanzere, koma thalauzi ndi lomwelo.

Izi ndi zomwe a Google anachita kwa zaka zambiri. Ndalama zinkachoka ku Ireland, kudzera ku Netherlands, n'kukagona ku Bermuda, chilumba chomwe panthawiyo sichinkadula msonkho pa phindu la makampani. M'chaka cha 2017 chokha, ndalama zokwana ma euro 19.9 biliyoni zinayenda njira imeneyi. Njirayo inatsekedwa m'chaka cha 2020. Nawo a Apple, bungwe la European Commission linapeza m'chaka cha 2016 kuti nthambi yawo ina ya ku Ireland inakhoma msonkho wa 0.005 peresenti m'chaka cha 2014. Ndiye kuti pa K1 miliyoni iliyonse ya phindu, K50 basi. Mlanduwo unatenga zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mu September 2024 khoti lalikulu la mayiko a ku Ulaya linagamula kuti Apple ibweze ma euro 13 biliyoni.

Tsono ngati mayiko a ku Ulaya, ndi maloya awo onse aja, anavutika zaka zisanu ndi zitatu ndi kampani imodzi, nanga a MRA pa Msonkho House ku Blantyre angatani?

Wina anena kuti, aaa, ife a Malawi timalipira zingati ku Facebook? Zoona, si zambiri. Ine chomwe chikundiwawa ndi kukondera kwake. Boma likaona kuti thumba laphwa limathamangira kwa amene sangathawe. M'chaka cha 2015 nduna ya zachuma, malemu a Goodall Gondwe, inaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a SMS ndi pa intaneti, pamwamba pa VAT yomwe nthawi imeneyo inali 16.5 peresenti. M'chaka cha 2019 boma linayesa kudula 1 peresenti pa ndalama zoyenda pafoni, koma anthu atakuwa linabweza moto. Onse amenewa ndi misonkho ya mlamu wanga. Ndipo ngakhale VAT itaikidwa pa malonda a pa intaneti, monga mayiko ena achitira, wolipira ndi wogula yemweyo. Phindu la mwini wake silikhudzidwa.

Koma tisapite kutali ndi za ku Dublin, chifukwa masewero omwewa anachitikapo pakhomo pathu pano.

Mukukumbuka mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, womwe kampani ya ku Australia ya Paladin inatsegula m'chaka cha 2009? M'chaka cha 2015 bungwe la ActionAid linatulutsa lipoti lonena kuti m'zaka zisanu ndi chimodzi dziko lino linataya ndalama zoposa madola 43 miliyoni. Mbali ina inatayika chifukwa boma lathu lomwe linavomera kutsitsa gawo lomwe limalandira pa miyala yogulitsidwa, kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 peresenti m'zaka zoyambirira, kenako 3 peresenti. Mbali yaikulu inatayika chifukwa kampani ya kuno inkalipira chiongoladzanja ndi ndalama za "kayendetsedwe ka ntchito" ku kampani inzake ya ku Netherlands, yomwe malinga ndi lipotilo inalibe wantchito ngakhale mmodzi. Zikanapita molunjika ku Australia, boma likanadulapo 15 peresenti. Koma pangano lakale la misonkho pakati pa Malawi ndi Netherlands linkati zopita kumeneko zisadulidwe kanthu. A ActionAid anawerengera kuti ndalama zotayikazo zikanalipira anamwino 17,000 kwa chaka chathunthu.

A Paladin anakana kuti sanaphwanye lamulo lililonse. Apa ndiye pali nkhani. Sanathyole chitseko, tinawatsegulira tokha, siginecha n'kusaina, chithunzi n'kujambulitsa, kuwomba m'manja kuli uko. Mgodiwo unaima m'chaka cha 2014, ndipo mu 2020 unagulitsidwa kwa kampani ina ya ku Australia, Lotus Resources. Pangano lija ndi Netherlands boma linalithetsa n'kusaina lina m'chaka cha 2015, madzi atatayika kale. Ndipo musadabwe, m'chaka cha 2016 anthu anali akudandaulabe ndi pangano lathu la misonkho ndi Britain lomwe linasainidwa mu 1955, nthawi ya chitaganya, Kamuzu asanabwere n'komwe.

N'chifukwa chiyani ndikufukula za ku Karonga pomwe ndinayamba ndi za ku Liwonde? Chifukwa tsopano dzuwa latulukira kwathu. Phiri la Kangankunde m'boma la Balaka lili ndi miyala ya rare earth, yomwe akatswiri akhala akuidziwa kuyambira nthawi ya atsamunda. M'chaka cha 2022 kampani ya ku Australia ya Lindian Resources inagwirizana zogula kampani yomwe inali ndi chilolezo cha paphiripo pamtengo wa madola 30 miliyoni. Miyala imeneyi ndi yomwe amapangira maginito amphamvu a m'mafoni, m'makompyuta ndi m'magalimoto oyendera magetsi. Ndiye kuti dothi la ku Balaka lidzapita kunja, n'kudzabwerera m'foni yomwe mlamu wanga adzalipirire Facebook. Tikagona, tidzadyeredwa kawiri, potuluka ndi polowa.

Sindikuneneza a Lindian mlandu uliwonse ayi. Ntchito tikuifuna, achinyamata athu atopa ndi kabaza komanso ulendo wa ku Joni. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndimamva anthu pamisonkhano akufunsa za mijigo, midadada ya sukulu ndi msewu. Mafunso abwino, koma ndi a nyenyeswa. Ndalama yeniyeni imabisala m'mafunso ouma omwe palibe amawafunsa. Ngongole yomangira mgodi yachokera kwa yani, ndipo chiongoladzanja chake chidzapita dziko liti? Wogula miyalayo ndi mlendo weniweni kapena ndi mphwake wa kampani yomweyo amene adzagule motchipa n'kukagulitsa modula kutsidya? Ndalama za "malangizo" zidzalipidwa ku ofesi yokhala ndi anthu kapena ku bokosi la makalata? Boma lakhululukira misonkho iti, kwa zaka zingati?

Za ku Dublin zija sitingazithe tokha, izi ndivomereze. Mu 2021 mayiko oposa 130 anagwirizana kuti makampani akuluakulu azikhoma msonkho wosachepera 15 peresenti kulikonse komwe abisala, koma Kenya ndi Nigeria anakana kusaina panthawiyo poona kuti phindu lake ndi la mayiko olemera. Kenya inadziikira msonkho wakewake wa 1.5 peresenti pa malonda a pa intaneti mu January 2021, womwe inadzausintha kumapeto kwa 2024. Mu November 2023 mayiko a mu Africa, motsogozedwa ndi Nigeria, anapambana voti ku United Nations kuti malamulo a misonkho ya padziko lonse azikambidwa kumeneko, komwe Malawi ali ndi mpando. Mayiko 125 anavomera, 48 anakana. Mu February 2025 America inatuluka m'zokambiranazo, ndipo mu June chaka chomwecho Canada, dziko lolemera chotero, linachotsa msonkho wake wa makampani a pa intaneti a Donald Trump atalikalipira. Ngati Canada inagwada, ife tikapita tokha adzangotiuzira ngati phulusa. Nthumwi zathu zikhale m'gulu la anzathu a mu Africa, ndipo zikabwerako zizitiuza zomwe zakamba, osati kungolandira ma alawansi.

Koma za Kangankunde sizifuna voti ya ku New York. Zili m'manja mwa unduna wa zamigodi, unduna wa zachuma ndi Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Aphungu a ku Balaka ndi Machinga, inu olemekezeka amene munabwera kudzavina nafe nthawi ya kampeni, imirirani m'nyumbamo mupemphe kuti pangano lililonse la migodi ya m'maboma athuwa liikidwe poyera, limasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, mafumu ndi anthu aliwerenge. La Kayelekera linabisidwa zaka zambiri ati chifukwa ndi chinsinsi cha bizinesi, ndipo zotsatira zake tinadzazimvera kwa a ActionAid.

Mlamu wanga ndinamuyankha kuti ndalama yake yapita ku Ireland. Anafunsa ngati kumeneko kuli msika wa zitenje. Ndisanayankhe, wa matikiti anali ataima kale pabenchi pake.